Mapu apakhoma a Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse: ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndimaphunzitsa History kusekondale, ndipo mapu awa ndakhala ndikuwagwiritsa ntchito ndi ana okonzekera mayeso a MSCE. Amabwera anayi, atakulungidwa bwinobwino, onse okutidwa ndi pulasitiki. Fumbi la choko likawadetsa mumangopukuta ndi kansalu konyowa. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma si zinthu zong'ambika msanga.

Amene andigwira mtima ndi mapu achiwiri. Funso lomwe limazunguza ana chaka ndi chaka ndi lakuti, zinatheka bwanji kuti kuphedwa kwa Franz Ferdinand, mlowaufumu wa Austria-Hungary, ndi mkazi wake Sophie ku Sarajevo pa 28 June 1914 kukokere mayiko onse aja kunkhondo? Pofotokoza pakamwa, ana amangoloweza mayina. Apa pali mivi, uliwonse ndi deti lake. Austria-Hungary ilengeza nkhondo ndi Serbia pa 28 July. Russia, poikira Serbia kumbuyo, iyamba kusonkhanitsa asilikali. Germany ilengeza nkhondo ndi Russia pa 1 August, kenako France pa 3 August. Pa 4 August asilikali a Germany alowa m'dziko la Belgium, ndipo tsiku lomwelo Britain ilowerera, popeza inalonjeza kale mu 1839 kuti Belgium sadzaiputa aliyense. Mwana akatsata miviyo ndi chala amaona yekha kuti sabata imodzi yokha inakwana. Amaonanso chifukwa chimene Germany inadzera ku Belgium: inkafuna kuthana ndi France mwachangu Russia isanakonzeke kum'mawa. Mtsikana wina, amene nthawi zambiri sayankhula m'kalasi, anaimirira n'kufotokozera anzake ndondomeko yonseyo osayang'ana m'kope.

Mapu achitatu akuonetsa olowa mochedwa: Japan mu August 1914, Ufumu wa Ottoman kumapeto kwa chaka chomwecho, Italy mu 1915 ndi America mu April 1917. Nkhani ya Italy imaseketsa ana, poti inali pamgwirizano ndi Germany ndi Austria-Hungary koma inakamenyera mbali inayo. Apa ndilibe dandaulo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha Africa. Aiika m'kabokosi pakona, kakang'ono ngati chikhatho, pomwe ndi kuno kumene mawu akuti "padziko lonse" amamveka bwino kwa mwana wa ku Malawi. Pa 13 August 1914, patangotha masiku ochepa Britain italowa nkhondo, sitima ya Britain yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Germany, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven panyanja yathuyi. Pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Anthu miyandamiyanda anatengedwa kukakhala asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda a Britain) ndi a tengatenga, ndipo John Chilembwe anatsutsa poyera zoti anthu akuda a dziko lino azikafera nkhondo ya azungu, asanaukire mu January 1915. Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, anadzipereka ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala ku Zambia, pa 25 November 1918, patatha milungu iwiri mfuti zitaleka kulira ku Ulaya. Zonsezi palibe. Ndinachita kujambula ndekha papepala n'kumata pambali pake.

Madandaulo ena ndi ang'onoang'ono. Mtundu wofiira wa mbali imodzi ndi wofiirira wa mbali inayo sizisiyanika kwa mwana wokhala kumbuyo. Pulasitiki imanyezimira dzuwa likalowa pawindo masana, choncho pachikani kukhoma lomwe kuli mawindo, osati loyang'anizana nawo. Zilembo za madeti ndi zazing'ono. Kalasi ikakhala yodzaza, muziwaitana m'magulu kuti abwere pafupi. Selotepi sigwira chifukwa ndi olemera, guliranitu timisomali.