Hermann ndi Clarissa akumananso: kuunika gawo loyamba la Heimat 3

Usiku wa pa 9 Novembala 1989, pamene khoma la Berlin linatsegulidwa ndipo anthu a kum'mawa kwa mzindawo anakhamukira kumadzulo, mwamuna ndi mkazi amene anasiyana zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo anangoti gululu kukumana m'hotela ina. Umu ndi mmene imayambira filimu ya Das glücklichste Volk der Welt, gawo loyamba mwa magawo 6 a Heimat 3, amene Edgar Reitz anakonza ndipo wailesi yakanema ya ARD ku Germany inaonetsa mu Disembala 2004. Imapezeka pa DVD yokhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Ndi filimu yoyenera kuigula, koma siipereka zonse zimene ili nazo kwa munthu wongoigwera asakudziwa kumene anthu awiriwa achokera.

Hermann Simon anabadwira ku Schabbach, mudzi wongopeka wa m'dera lenileni la Hunsrück, komwenso Reitz anabadwira mu 1932. Mu Heimat yoyamba ya 1984, Hermann ali mnyamata wa pasukulu anakondana ndi Klärchen, mkazi wamkulu kuposa iye, ndipo mayi ake Maria pamodzi ndi mkulu wake Anton anathetsa chibwenzicho mwankhanza. Mnyamatayo analumbira kuti sadzakondanso mkazi ndipo sadzabwereranso kwawo. Mu Die zweite Heimat ya 1992, imene ili ndi magawo 13 ndipo imatsatira moyo wake ku Munich kuyambira 1960 mpaka 1970, iye anakumana ndi Clarissa Lichtblau, mtsikana woimba cello, chida chachikulu choimbira cha zingwe. Anakondana kuyambira tsiku loyamba, koma aliyense ankaopa kuti chikondi chimulanda luso lake, choncho anazembana zaka 10 zathunthu, Hermann n'kukwatira Schnüsschen, Clarissa n'kukwatiwa ndi Volker woimba piyano. Atakhala pamodzi usiku umodzi ku Amsterdam, anasiyananso.

Munthu amene waona zonsezi amamva kulemera kwa usiku wa ku Berlin uja. Henry Arnold ndi Salome Kammer, amene anasewera anthu awiriwa ali achinyamata, ndi omwewo akuseweranso pano, ndipo nkhope zawo zakuladi, sikuti angozipaka zopakapaka. Hermann tsopano ndi wotsogolera magulu akuluakulu a oimba, Clarissa anasiya cello n'kukhala woimba ndi mawu, ndipo onse awiri atopa ndi moyo wogona m'mahotela. Koma kwa woonera watsopano, kubwererana kwawo kumachitika msanga kwambiri. Asanafotokozerane n'komwe za zaka zimene zapita, agwirizana kale zokhala limodzi, ndipo ali kale pa ulendo wokaona nyumba. Apa ndiye pamene filimuyi ikupelewera kwambiri. Anthu amene anakanana zaka zonsezo anayenera kupatsidwa mpata woti afunsane mafunso owawa, ndipo ine ndikadakonda kumva Clarissa akunena chimene chinamuthawitsa ku Amsterdam.

Chimene chimandichititsa kuilemekeza filimuyi ndi zimene Reitz akuchita pambuyo pa usikuwo. Mafilimu ambiri a chikondi amathera pomwe okondana apezananso, koma iyi ikuyambira pomwepo, ndipo mwayi wachiwiri wa anthuwa ukusanduka ntchito ya manja. Clarissa anali ataona kale nyumba yakale ya mitanda ya matabwa, yotsala pang'ono kugwa, imene ili pamwamba pa phiri pafupi ndi tauni ya Oberwesel, moyang'ana mtsinje wa Rhine kufupi ndi thanthwe la Loreley. Anthu a m'filimuyi amaitchula ndi dzina la mlakatuli Karoline von Günderrode, amene anadzipha m'mbali mwa mtsinje womwewo mu 1806 chikondi chitamukanika. Kamera ikuima nthawi yaitali pa mitanda yofumbwa, pa denga lodontha ndi pa makoma ogumuka, ndipo woonera amazindikira yekha kuti anthu awiriwa akufuna kumanga pa msinkhu wa zaka pafupifupi 50 chimene anachithawa ali ndi zaka 20. Ngakhale pamenepo sapezeka pamalopo kawirikawiri, chifukwa makonsati akuwaitanira mmodzi uku wina uko, moti nyumba yawo ya chikondi ikumangidwa eni ake akungolankhulana pa telefoni.

Oimangawo ndi amisiri ochokera ku East Germany. Clarissa ali ku Leipzig anapeza Gunnar ndi Udo, n'kuwalemba ntchito yolipidwa ndi ndalama za kumadzulo, zimene pa nthawiyo zinali zamphamvu kwambiri kuposa zakwawo, ndipo pambuyo pake anabweranso Tobi ndi Tillmann. Reitz analemba nkhaniyi mothandizana ndi Thomas Brussig, wolemba mabuku wobadwira ku East Berlin, ndipo dzanja lake likuoneka pa mbali imeneyi. Amisiriwa akalowa m'sitolo ya zipangizo zomangira amaima kukamwa yasa, poona misomali, mabawuti ndi zida za mitundumitundu zili mbwee, pamene kwawo munthu ankasunga ngakhale msomali wopindika kuti adzauwongole. Aliyense amene mbale wake anapitapo kukagwira ntchito ku Joni adzaizindikira nkhope imeneyi, ya mmisiri waluso amene akudziwa kuti ntchito amaitha kuposa bwana wake, koma ndalama ndi za bwanayo.

Gunnar, amene Uwe Steimle anamusewera mwaluso kwambiri, ndiye mtima wa gawoli. Ndi munthu wolongolola, wodzitama pang'ono, wokonda ana ake aakazi awiri. Mabanja a amisiriwa atabwera kudzacheza kumadzulo n'kupita kukaona phiri la Zugspitze, mkazi wa Gunnar, Petra, anakopeka ndi Reinhold, amene amayendetsa za ntchito ya Hermann, ndipo banja la Gunnar linatha. Kutseguka kwa malire komwe kunabweza Clarissa kwa Hermann ndi komwenso kunachotsa Petra kwa Gunnar, ndipo iye akupitiriza kukhoma denga la anthu okondana pamene kwake kwapasuka. Reitz sakuweruza Petra, amenenso akufuna moyo wina pambuyo pa zaka za kupanikizika, ndipo sakubisa kuti Hermann ndi Clarissa, otanganidwa ndi chimwemwe chawo, sakuona bwinobwino zimene zikuchitikira wantchito wawo. Pena ndi pena filimuyi imaonetsa anthu a kum'mawa ngati ana odabwa ndi chilichonse, ndipo pamenepo imawachepetsa, koma pa nkhani ya Gunnar imanena zoona zokhazokha.

Palinso kubwerera kwa Hermann ku Schabbach, mudzi umene uli pafupi ndi nyumba yatsopanoyo. Mayi ake anamwalira mu 1982, Anton adakali mwini fakitale ya magalasi a makamera, mkulu wake wina Ernst akukhala payekha osafuna anthu, ndipo a m'mudzi akumulandira Hermann ngati anangochoka dzulo. Mbali imeneyi ndi yaifupi m'gawo loyamba, koma imakula m'magawo otsatira, amene amafika mpaka chaka cha 2000 ndipo amayesa chikondi cha awiriwa ndi kupatukana komanso matenda a khansa a Clarissa.

Wofuna kugula aonetsetse kuti akutenga filimu yathunthu, chifukwa ARD inafupikitsa magawowa kuti akwane nthawi ya pa wailesi, ndipo Reitz sanakondwere nazo. Adziwenso kuti mawu olembedwa m'munsi aja amasalaza zilankhulo: Chijeremani cha ku Hunsrück, cha ku Saxony ndi cha anthu ophunzira a m'tauni zimamveka mosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako ndi mbali ya nkhani, koma m'Chingerezi onse amalankhula mofanana. Nkhaniyi imayenda pang'onopang'ono, moti siyoyenera kuionera munthu uli ndi foni m'manja. Amene alibe nthawi ya maola oposa 25 a Die zweite Heimat aonereko gawo lake loyamba ndi lomaliza asanayambe iyi, kuti adziwe lumbiro la Hermann ndi zimene zinachitika ku Amsterdam.