Makina owotcherera a inverter olembedwa 200A: pa uvuni wa nsomba akhoza, pa ngolo afuna kusamala

Makina ang'onoang'ono owotcherera a inverter, aja a lamba wokolekera paphewa olembedwa 200A pambali, tsopano akupezeka m'mashopu a hardware ku Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje. Mayina ndi ambiri, koma otsika mtengowa kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana, ndiye ndemangayi ikukhudza onse. Tawaona pa ntchito ziwiri zimene munthu wa kuno kuchigwa cha Shire angapange pakhomo: uvuni wowambira nsomba wa mgolo, ndi fulemu ya ngolo ya ng'ombe.

Nambala ya 200 ija, kutanthauza ma amp 200, muyezo wa mphamvu ya moto wowotcherera, isakutengeni mtima. Tembenuzani makinawo muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo kapena kunsi, pamene pali chilembo X ndi manambala ngati 60% ndi 100%. Akalemba 60% pa ma amp akutiakuti, ndiye kuti pa mphindi 10 zilizonse muwotcherere 6, zinayi makina apume. Muyezowu umatengedwa pa kutentha kwa madigiri 40. Ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira pamenepo ngakhale pamthunzi, nanji pansi pa shedi ya malata masana. Mukaika rodi (kandodo kowotcherera) ya 3.2 mm pa ma amp 120, mumangowotcha marodi ochepa, kanyali kachikasu kochenjeza za kutentha n'kuyaka, moto n'kuduka. Pamenepo musazimitse makina. Fani ya mkati ndiyo ikuwaziziritsa, ndipo mukathimitsa, kutentha kumatsalira momwemo n'kumaphika bolodi ya zamagetsi ya mkati. Aikeni pa kabenchi pamthunzi, osati pansi pamene fani imakoka fumbi ndi tizitsulo ta galayinda. Tizitsulo timeneti tikaunjikana pa bolodi ndi timene timawotcha makina ambiri.

Pa uvuni wa nsomba ndi pamene makinawa amasangalatsa. Mgolo wa malita 200 ndi wautali pafupifupi masentimita 88, m'mimba mwake 58, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi basi. Makina akale a transformer, makamaka aja okulunga waya pamanja, amavuta kutsitsa moto, ndiye amangoboola mgolo. Inverter imatsika mpaka ma amp 40 kapena 50 moto wake osadukaduka.

Musanakhudze mgolo ndi galayinda, dziwani chimene munali. Wa petulo, thina kapena spirit umasunga mpweya woyaka ngakhale utakhala miyezi wopanda kanthu, ndipo kamoto kamodzi kamauphulitsa. Tsegulani zotsekera zonse, utsukeni ndi sopo, mudzaze madzi mpaka pafupi ndi pamene mukudula. Wa mankhwala a thonje kapena a m'minda ya nzimbe usiyeni ndithu. Kutsuka sikuuyeretsa mokwanira kuti muikemo chakudya cha anthu. Wabwino ndi umene munali mafuta ophikira.

Dulani chivundikiro chonse cha pamwamba, muchisunge. Mmunsi dulani khomo la nkhuni la masentimita 30 m'lifupi ndi 25 kutalika, ndipo chidutswa chodulidwacho chikhale chitseko pa mahinji awiri. Miyendo itatu ya angle iron ya 25 x 25 x 3 mm imakwana, ndipo itatu imakhazikika bwino pa nthaka yosasalala kuposa inayi. Polumikiza mwendo ndi mgolo gwiritsani rodi ya E6013, ya 2.0 mm pa ma amp 45 mpaka 55, kapena ya 2.5 mm pa ma amp pafupifupi 60. Lozetsani moto pa angle iron yokhuthalayo, chitsulo chosungunuka chizingotsetserekera pa mgolo. Dontheza, siya, kufiira kuzilale, donthezanso. Mukakoka mzere wautali osaima, mgolo umabooka kapena kupindika, chitseko osatsekanso. Makinawa amalola kusinthanitsa nthambo, ndiye pa chitsulo chopyapyala ikani chogwirira rodi ku negative, moto sulowa kwambiri.

Mlamba wa ku dambo la Elephant Marsh uli ndi mafuta ambiri. Akamadonthera pa makala moto umalilima, nsomba n'kuda kunja mkati muli muwisi, ndipo yotere sichedwa kuola pa ulendo wokwera Thabwa kupita ku Blantyre. Ikani chitsulo chobowolabowola masentimita 30 kuchokera pansi kuti chitchinge malawi, kenako mathireyi pa masentimita 50, 62 ndi 74. Zogwirizira mathireyi musaziwotcherere n'komwe: boolani mgolo mbali ziwiri mulowetse zitsulo zozungulira za 10 mm, ziwiri pa thireyi iliyonse, kuti muzizisolola potsuka. Makakana, popeza ndi ang'ono ndipo sachedwa kuuma, akhale pamwamba. Waya wa mathireyi usakhale wa galvanised. Zinki yake ikapsa imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa wowotcherera mutu ndi kuphwanya thupi, ndipo siyofunika pafupi ndi ndiwo. Uvuni ukatha, usonkhereni moto waukulu uli wopanda nsomba mpaka penti yonse itapsa n'kukanganuka, kenako mupale ndi bulashi ya waya.

Pa ngolo nkhani imasintha. Fulemu ya angle iron ya 50 x 50 x 5 mm imafuna rodi ya 3.2 mm pa ma amp 110 mpaka 130, ndipo apa ndi pamene zofooka za zipangizo zobwera ndi makina m'katoni zimaonekera. Nthambo zobwera ndi makina ndi zazifupi, ndipo zambiri ndi aluminiyamu wokutidwa kopa. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: mukaona zoyera mkati, ndi zimenezo. Zimatentha, moto umafooka, rodi imangomatirira. Gulani nthambo za kopa weniweni za 25 mm² ndi chopanira cha earth champhamvu (chija chopana pa chitsulo chimene mukuwotcherera), chifukwa chobwera nacho sipulingi yake imalefuka ikangotenthedwa kangapo. Pamene mukupana earth papalidwe mpaka chitsulo chiwale. Dzimbiri ndi penti zimatchinga magetsi.

Ngolo yonyamula matumba a mapira kapena mabelo a thonje m'misewu ya mabampu ya ku East Bank, kummawa kwa mtsinje wa Shire, imathyokera malo awiri: pamene chitsulo chokokera chopita ku goli chakumana ndi fulemu, ndi pa axle. Pa chokokera, songolani m'mphepete mwa zitsulo ndi galayinda kuti pakhale kangalande, muwotcherere kawiri, mukugogoda slag yonse (chikhungwa chotsala pamwamba pa mzere) musanabwereze, kenako muikepo tizitsulo ta makona atatu ta 5 mm mbali zonse ziwiri. Mzere wowoneka wonenepa koma wongokhala pamwamba ngati phula ndi chizindikiro choti ma amp achepa. Sunalowe, ndipo udzakanganuka ngolo ili ndi katundu. Axle ya galimoto yakale ndi masipulingi ake musaziwotcherere ndi E6013. Chitsulo cha sipulingi n'cholimba, chikatenthedwa n'kuzizira msanga chimang'aluka pambali pa mzere. Mangani ndi ma U-bolt. Pomwe pafunikadi mphamvu pamafuna rodi ya E7018, koma makina ena otsika mtengowa amavutika kuiyatsa, ndipo rodiyi imamwa chinyezi msanga. M'nyengo ya dzinja kufupi ndi dambo, paketi yosiyidwa yotsegula imatulutsa mzere wa timabowo ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Sungani marodi m'chitini chotseka bwino.

Soketi ya m'nyumba ya 13A imapereka pafupifupi ma kilowatt atatu. Pa rodi ya 2.5 mm palibe vuto, koma pa 3.2 mm fyuzi imapsa kapena pulagi kusungunuka, ndiye pamafunika mzere wa magetsi wakewake wokhala ndi breaker yake. Nthambo yowonjezera isachepere 2.5 mm², ndipo muitambasule yonse, yokulungidwa imatentha. Jenereta ya 2.5 kVA singakwanitse ntchito ya ngolo. Pafunika ya 6 kVA kupita m'mwamba yokhala ndi AVR (chipangizo chokhazikitsa mphamvu ya magetsi), ndipo muziyamba kuliza jenereta, ikhazikike, kenako muyatse makina.

Chotchingira kumaso chogwira pamanja chobwera m'katoni chimakutherani dzanja limodzi. Gulani helemeti ya galasi la nambala 10 kapena 11. Kutentha kwa kuno kumanyengerera munthu kuwotcherera atavala vesiti, koma kuwala kwa moto uja kumapsereza khungu, ndipo maso amadzawawa usiku ngati mwalowa mchenga. Magolovesi onyowa ndi thukuta amagwiritsa shoko posintha rodi, ndiye khalani ndi mapeya awiri. Ana obwera kudzaonerera atalikire.

Pogula, pemphani wogulitsa alumikize makinawo pomwepo, muwotche rodi yonse ya 3.2 mm pa chitsulo cha 5 mm, nambala ili pa 120. Moto ukamadukaduka kapena mukafunika kukweza mpaka 170 kuti rodi isungunuke bwino, nambala za makinawo n'zokokomeza, yesani ena. Miyezi ya waranti ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya makina.