Kablenda aka kamapera oats bwino, koma kamasokosera

Nyenyezi 4 mwa 5.

Kablenda aka ndinagulira ntchito imodzi yokha, yopera oats wophika mu uvuni, uja anatchuka pa TikTok mu 2021. Kwa amene simunalawe, ndi chakudya cham'mawa chomwe chimakoma ngati keke, ndipo chinsinsi chake chagona pa kaperedwe. Oats wosapera amatuluka mu uvuni ali wokhakhala, wovuta kutafuna. Akaperedwa mpaka kusalala amafufuma n'kufewa mkati monse. Pamenepa kamakina aka sikakhumudwitsa ayi.

Ine ndimathira magalamu 40 a oats, nthochi imodzi yakupsa kwambiri, dzira, mkaka pang'ono, theka la supuni yaing'ono ya baking powder, supuni ya koko ndi kamchere. Masekondi 30 zonse zasalala, popanda chibuluma n'chimodzi chomwe. Kenako ndimakhuthulira m'kambale n'kuika mu uvuni wa madigiri 180 Celsius, kwa mphindi 20 mpaka 25. Musachedwe kuika mukangopera, chifukwa baking powder amayamba ntchito akangonyowa. Tizidutswa ta chokoleti muziwaza pamwamba mutapera kale. Chimodzimodzi karoti wopala ndi mtedza ngati mukufuna kakomedwe ka keke ya karoti: zikalowa m'blenda zimasungunukiramo, mkamwa simumvanso kanthu kotafuna.

Nthochi ikapsa mpaka khungu kuchita mawanga akuda, shuga ndi wosafunika. Izi ndiye zimandisangalatsa, poti kukoma kuli konseko koma chakudyacho n'chabwinobe m'thupi. Oats ali ndi beta-glucan, mtundu wa fayiba yemwe amathandiza kutsitsa kolesterolo (mafuta a m'magazi) munthu akamadya magalamu 3 a fayibayo patsiku, ndipo kambale kamodzi kamapereka pafupifupi theka la mlingowo. Dziwani chabe kuti oats woperedwa kwambiri amagayika msanga m'mimba kusiyana ndi wathunthu. Odwala shuga aganizirepo, ndipo dzira lija asamalisiye.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha phokoso. Kamakina n'kakang'ono koma kamalira moti ogona onse m'nyumba amadzuka, pomwe chakudyachi chimakonzedwa m'mamawa. Vuto lina ndi mphira wa pansi pa mipeni. Zoperazo zimabisala m'menemo, ndipo oats akauma amamatirira zolimba. Mukangokhuthula, thiranimo madzi ofunda ndi kadontho ka sopo, muyatse masekondi angapo, basi kayera. Zipatso zouma monga madeti kamalimbana nazo movutikira pokhapokha mutaziviika kaye m'madzi otentha.

Kapu yake imakwana chakudya cha munthu mmodzi, mwina awiri mukapanikiza. A banja lalikulu, gulani blenda yaikulu, chifukwa kupera katatu kotsatizana kumatenthetsa injini ndipo mumayenera kudikira kuti izizire.