Dell PowerEdge R740: disiki imafa, malonda osaima

Pa sitolo yathu yopikulitsa katundu ku Limbe, chilichonse chimadalira seva (kompyuta yaikulu yosunga zonse) imodzi: mitengo, sitoko, ngongole za makasitomala, malisiti a pa kauntala. Ikangozima, ndiye kuti tayamba kulemba ndi bolopeni mavenda ali pamzere. N'chifukwa chake tinagula Dell PowerEdge R740. Si yatsopano ayi, mtundu umenewu unatuluka mu 2017, ndipo yathuyi tinaigula yogwirapo kale ntchito. Koma ndaikonda ndi mtima wonse.

Chinandikopa n'chakuti zipangizo zimene zimakonda kufa zilimo zoposa chimodzi. Kumbuyo kuli timabokosi tiwiri ta magetsi ta 750W, kalikonse ndi chingwe chake. Chingwe chimodzi ndinachipititsa ku UPS (bokosi la batire lopereka magetsi akazima), china ku inveta ya sola. Apa ndi pamene anzathu ambiri amaphonya: amabaya zingwe zonse ziwiri pa ekisitenshoni imodzi, ekisitenshoniyo ikapsa n'kumadabwa kuti seva yodula chonchi yazima bwanji. Kwathu mbali imodzi ikakhala chete, inayo imanyamula katundu yense.

Madisiki ndi amene anandionetsa phindu lenileni. Tinawaika pa RAID 6 kudzera pa khadi ya PERC H730P, kutanthauza kuti awiri akhoza kufa nthawi imodzi popanda kutaya kanthu. Kumapeto kwa mwezi wina, m'sitolo muli thothotho, disiki imodzi mwa amene tinagula padera kwa wamalonda wina inayamba kuphethira nyali yachikasu. iDRAC, mbali ya mkati imene imayang'anira thanzi la seva, inali itanditumizira kale imelo. Ndinadina kabatani ka kutsogolo, chogwirira chinatseguka, ndinaisolola ikadali yofunda m'manja, n'kulowetsa ina. Seva inadzikonzera yokha zonse usiku umenewo. Amayi a pa kauntala anamva nkhaniyi mawa lake ndikuwafotokozera, iwo sanaone chachilendo chilichonse.

Mafani nawonso amasinthidwa makina ali chiyakire, ndipo memore yake ndi ya ECC, yokonza yokha tizolakwika ting'onoting'ono.

Tsono musaiike pa desiki ya akauntanti. Maseva a mtundu uwu amachita phokoso, amatulutsa kutentha, ndipo fumbi la mu Okutobala silimawachitira chifundo. Imafuna kachipinda kake kozizira bwino. Dziwaninso kuti bolodi yaikulu ya mkati ndi imodzi yokha. Imeneyo ikapsa, magetsi awiri aja sangakupulumutseni, ndipo amene sangalole kuima ngakhale kwa ola limodzi ayenera kukhala ndi seva yachiwiri.

China chimene ndimachilankhula mosatopa: RAID si bakapu (kope la mafayilo losungidwa padera). Munthu akafufuta fayilo, imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo, chimodzimodzi vayirasi ikalowa. Ife madzulo alionse timakopera zonse pa disiki ina imene sigona m'sitolo muno. Mu dirowa mumakhalanso disiki yapadera yodikirira, chifukwa kuitanitsa ku Johannesburg zinthu zitavuta kale, ndalama zakunja zikusowa chonchi, ndi kudzipweteka.

Ngati nanunso mukugula yogwirapo kale ntchito, muuzeni wogulitsayo aiyatse pamaso panu. Onani ngati batire ya PERC ikadali yamoyo, ndipo funsani ngati iDRAC ili ndi laisensi ya Enterprise, chifukwa ndi imene imakulolani kuona sikirini ya sevayo muli kunyumba.