Mphere zikalowa m'nyumba: BB, permethrin, sulphur kapena ivermectin?

Kuno ku Chipata mphere zimakonda June ndi July, ana akamagona mothithikana m'bulangete limodzi. Mumazidziwa ndi kuyabwa kokula usiku komanso timatuza pakati pa zala, pamkono, m'khwapa, pamchombo ndi kumaliseche. Choyambitsa ndi kachilombo kakang'ono kamene kamakumba khungu n'kuikira mazira momwemo, ndipo mazirawo ndi amene amapangitsa kuti mankhwala ena azifuna ulendo wachiwiri.

Benzyl benzoate, amene ambiri amangoti BB, ndiye wotchipa ndipo savuta kupeza. Wamkulu amadzola wa 25% thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, n'kukhala maola 24 asanasambe, kenako n'kubwereza monga auzidwira kukiliniki. Choipa chake n'chakuti amawotcha, makamaka pamene mwakanda mpaka kusupuka. Mwana musam'dzoze mankhwalawa osasungunula: kwa wazaka zosakwana 12 sakanizani theka BB theka madzi, ndipo kwa wosakwana zaka 2, gawo limodzi la BB pa magawo atatu a madzi. Amayi ambiri amaleka mwana akalira tsiku loyamba, n'kumati mankhwala ndi oipa, chonsecho sanasungunule.

Permethrin 5% ndi wofatsa pakhungu, ndipo ndalama zikalola, kwa ana aang'ono ife tingasankhe ameneyu. Mudzole madzulo, musambe pakatha maola 8 mpaka 14, mubwereze pakatha masiku 7. Chubu cha magalamu 30 ndi cha wamkulu mmodzi ulendo umodzi, choncho banja la anthu asanu ndi mmodzi liwerengetse bwino lisanapite kufamase. Permethrin amayambira mwana wa miyezi iwiri.

Mafuta a sulphur, 5% mpaka 10%, amanunkha ndiponso amadetsa zofunda. Koma khanda losakwana miyezi iwiri limadalira omwewa, ndipo mayi woyembekezera angathenso kudzola, masiku atatu otsatizana usiku uliwonse. Kwa khanda mudzozenso kumutu ndi kuseri kwa makutu, kupewa maso ndi pakamwa.

Ivermectin ndi wakumwa, ndipo amalemba ndi dokotala kapena kilinikoofesala potengera sikelo: munthu wa makilogalamu 60 amamwa mamiligalamu 12. Sapha mazira, n'chifukwa chake amamwedwanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mwana wosakwana makilogalamu 15 ndi mayi woyembekezera sapatsidwa. Amathandiza kwambiri kumene kudzoza aliyense n'kosatheka, monga kusukulu zogonera konko, komanso pa mphere zokhuthala ngati makungwa zimene zimagwira anthu ofooka chitetezo, monga ena amene ali ndi HIV. Zotere n'zakuchipatala basi, chifukwa zimafuna akumwa ndi odzola pamodzi.

Mwa anayiwa palibe angachiritse ngati mwadzoza woyabwa yekha. Munthu amatha masabata 4 mpaka 6 ali ndi kachilomboka asanayambe kukanda, ndiye onse ogona m'nyumbamo adzole tsiku limodzi, agogo omwe. Wengani zikhadabo n'kupaka pansi pake, ndipo mukasamba m'manja mudzolenso. Zofunda ndi zovala muchape ndi madzi otentha n'kusita; zosachapika mumange m'pulasitiki masiku osachepera atatu, poti kachilomboka sikakhalitsa kunja kwa thupi.

Kuyabwa kumatha kupitirira masabata awiri mpaka anayi tizilombo titafa kale. Apa ena amawonjezera BB tsiku ndi tsiku mpaka khungu kupsa. Ena amathamangira timachubu ta pamsika tokhala ndi betamethasone kapena clobetasol, tomwe tija ena amayeretsera khungu: kuyabwa kumachepa ndithu, koma ngati tizilombo tikadalipo timaswana mosatekeseka. Calamine wodzola kapena Piriton wakumwa usiku n'zokwanira. Zilonda zikachita mafinya zimafuna maantibayotiki, ndipo mwana akatupa nkhope kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze impso.