TV yosewerera magemu: zimene ndaona ndi maso anga ku Johannesburg

Kuyambira tsiku limene ndinatumiza chithunzi cha TV imene ndinagula kuno ku Johannesburg, mauthenga ochokera kwa inu abale ndi anansi sakuleka kubwera, ndipo funso lake ndi limodzi lomwelo: kodi munthu wofuna kusewera magemu pa PlayStation, pa Xbox kapena pa kompyuta agule TV yotani ya 4K imene mtengo wake sungamusiye m'ngongole? Achimwene anga aakulu akufuna kutsegula kanyumba koti anyamata azilipira n'kumaseweramo ku Ndirande, mphwanga wa ku Lilongwe ali ndi kompyuta imene analumikiza yekha zipangizo zake, ndipo ena mwangomva kuti ku Joni katundu ndi wotchipa. Ndaganiza zolemba kamodzi mwatsatanetsatane chifukwa nkhaniyi inandidyera ndalama ndi nthawi ndisanaimvetse, ndipo ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira kwathu kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chimene chinayamba kundidabwitsa sichinali cha magemu n'komwe. Kuno ku South Africa sitolo yovomerezeka siingakugulitseni TV musanaonetse layisensi ya TV ya SABC, bungwe la boma loulutsa mawu ndi kanema, imene amalipira R265 pa chaka, ndipo ife alendo timailembetsa pa pasipoti. Ngati mukutuma munthu kuti akugulireni, muyambe mwamufunsa ngati ali nayo, ndipo ngati alibe, ndalama imeneyo muiwerengere limodzi ndi mtengo wa TV.

Mawu akuti 4K, amene amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, amangonena kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, zomwe zikuposa timadontho 8 miliyoni ndipo ndi kanayi kuchuluka kwa timadontho ta 1080p, chithunzi cha timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Kale chimenechi chinali chizindikiro cha TV yodula, koma lero pafupifupi TV iliyonse ya mainchesi 43 kupita m'mwamba imene mungaipeze m'masitolo a Makro ndi Game kapena pa sitolo ya pa intaneti ya Takealot ndi ya 4K, ndipo mitengo inatsika kwambiri, makamaka poti ena mwa ma TV amenewa amalumikizidwa konkuno: Hisense ili ndi fakitale ku Atlantis pafupi ndi Cape Town kuyambira 2013, ndipo Samsung inatsegula yake ku Dube TradePort pafupi ndi Durban. Choncho wogulitsa akamakukopani ndi 4K yokha, dziwani kuti sanakuuzenibe chimene chimasiyanitsa TV yabwino posewera ndi TV yongoonera nkhani ndi mpira.

Ine ndinakodwa pa nambala ina. Nditasunga ndalama miyezi ingapo kudikira kutsika kwa mitengo kwa Black Friday kumapeto kwa Novembala, ndinagula TV ya mainchesi 55 imene pa katoni pake panali 120 woonekera patali, ndipo ndinakhulupirira kuti ndapeza TV yosintha chithunzi maulendo 120 pa sekondi pamtengo wa TV wamba. Nditafika nayo kunyumba n'kuilumikiza ku PlayStation 5, makinawo anandionetsa kuti TV imeneyo ikulandira 60Hz basi, kutanthauza kusintha chithunzi maulendo 60 okha pa sekondi. Nditawerenga bwino timalemba tating'ono ta m'kabuku, ndinapeza kuti 120 uja sanali wa galasi lenilenilo, koma dzina la malonda la kachitidwe kamene TV imadzipekera zithunzi zowonjezera pakati pa zithunzi zenizeni kuti filimu izioneka yosalala. Kachitidwe kameneka posewera n'kosathandiza, ndipo kamachedwetsa chithunzi. Nditabwerera kusitolo anandiuza kuti TV ilibe vuto lililonse, ndipo pamenepo ankanena zoona, chifukwa lamulo loteteza ogula la kuno, Consumer Protection Act la 2008, limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu amene wapezeka ndi chilema, osati katundu amene munthu wangomugula mosamvetsa. Patatha kukambirana kwa nthawi yaitali anavomera kusintha nditawonjezera ndalama ina, ndipo mwezi umenewo ndinatumiza zochepa kumudzi, chinthu chimene chimandiwawabe mumtima.

Njira yopewera zimenezi ndi kuyang'ana kumbuyo kwa TV, pamene pali mabowo olowetsa chingwe cha HDMI, chimene chimanyamula chithunzi ndi mawu kuchokera ku makina osewerera. Bowo la HDMI 2.0 limanyamula 18 Gbps (muyezo wa kuchuluka kwa uthenga wodutsa pa sekondi), zomwe zimakwanira 4K pa 60Hz, pamene HDMI 2.1 yathunthu imafika 48 Gbps ndipo ndi imene imanyamula 4K pa 120Hz. Koma nawonso mawu akuti HDMI 2.1 sayenera kukhulupiriridwa okha, chifukwa wopanga amaloledwa kuwalemba ngakhale TV yake ili ndi mbali imodzi kapena ziwiri zokha za luso limeneli. Chimene muyenera kufunafuna ndi malemba akuti 4K 120Hz pafupi ndi bowolo kapena m'kabuku, ndipo muwerengenso kuti mabowo otero ndi angati, popeza ma TV ambiri ali ndi awiri okha mwa anayi. Palinso ma TV ena otchipa amene amafikadi 120Hz koma pochepetsa ndi theka mizere ya chithunzi, moti liwiro limakwera pamene kuoneka bwino kwatsika. Mboni yosanama ndi makina osewererawo: PlayStation 5 ili ndi tsamba la Video Output Information ndipo Xbox ili ndi la 4K TV details, ndipo masamba amenewa amaonetsa zimene TV ikulandiradi. Ulendo wachiwiri ndinapempha kuti TV yachionetsero ailumikize ku makina a m'sitolo momwemo ndione tsambalo ndisanatulutse khadi lolipirira.

Komabe, pambuyo pa zonsezi, chimene ndafika pochiona kuti n'chofunika koposa si 120Hz ayi, koma kufulumira kwa TV poyankha chala. Mukadina batani pa pedi kuti wosewera amenye mpira, pamapita kanthawi chithunzicho chisanaoneke, ndipo kanthawi kameneka, kamene amakatcha input lag, amakayeza m'magawo 1000 a sekondi. Pa 60Hz chithunzi chimodzi chimakhala magawo 16.7, ndipo TV yabwino imayankha mkati mwa chithunzi chimodzi chimenechi, pamene TV imene yatanganidwa ndi kukongoletsa mitundu ndi kusalaza mayendedwe ikhoza kuchedwa ndi zithunzi zingapo. Wosewera sadziwa dzina la vutolo, amangodandaula kuti pedi ndi yolemera kapena kuti golo wamugoletsa asanasunthe. Mankhwala ake ndi Game Mode, imene imazimitsa zokongoletsa zonsezo, ndipo chosangalatsa n'chakuti ma TV ambiri otchipa a makampani odziwika amachita bwino kwambiri pamenepa, mwina mofanana ndi odula. TV imene ili ndi ALLM imalowa yokha mu Game Mode ikangomva kuti makina osewerera ayaka, zomwe n'zothandiza m'nyumba imene ana amasinthasintha pakati pa katuni ndi magemu. TV yopanda Game Mode musaigule, ngakhale mtengo wake utakhala wokopa chotani.

Kwa inu achimwene, mawu anga ndi akuti musawononge ndalama pa 120Hz. Makina amene muli nawo ndi PlayStation 4 wamba, amene amatulutsa 1080p basi, ndipo gemu imene anyamata azidzalipirira kwambiri ndi ya mpira, imene tonse timaitchulabe FIFA ngakhale kuti kuyambira 2023 dzina lake ndi EA Sports FC, ndipo imeneyi imayenda pa zithunzi 60 pa sekondi. Ngakhale pa PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zimene zinatuluka mu Novembala 2020, magemu ambiri amakusankhitsani pakati pa chithunzi chokongola kwambiri pa 30 ndi chithunzi chothamanga pa 60, ndipo ofika 120 ndi ochepa, monga Call of Duty ndi Fortnite. Xbox Series S, imene ndi yotsika mtengo, inapangidwira 1440p, chithunzi cha pakati pa 1080p ndi 4K, osati 4K yeniyeni. Ndalama imene ingagule TV imodzi ya 120Hz yeniyeni ikhoza kugula ma TV awiri a mainchesi 43 a 60Hz okhala ndi Game Mode yabwino, ndipo m'kanyumba ka bizinesi mipando iwiri yolowetsa ndalama iposa mpando umodzi wokongola. Kugula a 4K kukadali kwanzeru chifukwa kusiyana kwa mtengo ndi a 1080p n'kochepa, ndipo mukadzakweza makina simudzafunika kusintha TV.

Kwa iwe mphwanga nkhani ndi yosiyana, chifukwa pa kompyuta katundu yense amasenzedwa ndi khadi la zithunzi. Kujambula 4K kumafuna mphamvu yochuluka kwambiri kuposa 1080p, ndipo khadi laling'ono limene limathamanga bwino pa skirini yako yakale likhoza kuyamba kutsimphina pa TV yatsopano. Uyambe waona khadi lako: makhadi a Nvidia kuyambira RTX 30 ndi a AMD kuyambira RX 6000 ali ndi HDMI 2.1, pamene akale ngati GTX 1060 amathera pa 4K 60Hz, ndipo ma TV kawirikawiri sakhala ndi bowo la DisplayPort limene uli nalo pa skirini ya kompyuta. Khadi likakhala lofooka, palibe manyazi kusewera pa 1080p kapena 1440p n'kusiya TV ikulitse chithunzicho. Chinanso chimene ochita malonda satchula ndi kuoneka kwa zilembo. TV zambiri zimachepetsa uthenga wa mitundu chifukwa pa filimu diso silizindikira, koma pa kompyuta zilembo zing'onozing'ono zimaoneka ngati zanyowa ndi mvula, makamaka zofiira ndi zabuluu. Ufunefune TV yolandira chroma 4:4:4, kutanthauza uthenga wa mitundu wosachepetsedwa, ulembe bowolo kuti ndi la PC, ndipo uyatse pamanja kachitidwe kotsegula mphamvu yonse ya HDMI, kamene pa Samsung amakatcha Input Signal Plus, pa LG n'kukatcha HDMI Ultra HD Deep Colour ndipo pa Hisense ndi Enhanced format. Ine ndinakhala sabata yathunthu ndikudabwa chifukwa chake mitundu inali yozimirira, osadziwa kuti kachitidweka kamabwera kali kozimitsa. Ngati ungapeze TV yokhala ndi VRR kapena FreeSync pa ndalama yako, imeneyo ndi mphatso yeniyeni kwa mwini khadi lofooka, chifukwa TV imatsatira liwiro la khadi ndipo chithunzi sichidukaduka. Ya patebulo isapitirire mainchesi 43, kuopa kupweteka khosi.

Za mtundu wa galasi ndinene mwachidule. Galasi la VA limatulutsa mdima wakuda bwino koma mitundu imafooka ukakhala chapambali, pamene la IPS limaoneka bwino kuchokera kumbali zonse koma mdima wake ndi wotuwa. M'chipinda cha munthu mmodzi wosewera usiku ndingasankhe VA, koma kumene anyamata khumi aunjikana pabenchi kuonerera anzawo, IPS ndi yoyenera. HDR, luso lowonjezera kusiyana kwa kuwala ndi mdima pa chithunzi, musailipirire kanthu pa TV yotchipa, chifukwa popanda kuwala kokwanira ndiponso nyali zakumbuyo zozima m'magawomagawo, chithunzi chimangoda m'malo mokongola. OLED ndi yokongola kuposa zonse, koma ndi yodula, ndipo kabokosi ka zigoli kokhala pamalo amodzi tsiku lonse kakhoza kusiya chipsera pagalasi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ulendo ndi magetsi. TV ikachoka ku Park Station, pokwerera mabasi kuno ku Johannesburg, imadutsa Beitbridge, n'kudula dziko la Zimbabwe mpaka Nyamapanda, kenako Tete, isanafike pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo galasi la masiku ano ndi lopyapyala moti likagonekedwa chafufumimba n'kusanjikizidwa matumba limasweka mkati katoni ili bwinobwino. Iyende itaimirira, m'katoni yake ndi zotchinjiriza zake zonse, ndipo wotumiza aiyatse pamaso pa wonyamula n'kujambula chithunzi asanaimange. Risiti isasiyane ndi katundu chifukwa a MRA adzaifuna powerengera msonkho. Mufunsenso ngati waranti ikugwira ntchito kunja kwa South Africa, popeza kubweza TV yowonongeka kuchokera ku Blantyre kufika kuno kungadye ndalama yoposa phindu limene munapeza. Mukaphatikiza mtengo wa kuno, layisensi, zolipira wonyamula ndi msonkho, muyerekeze ndi mtengo wa TV yomweyo m'masitolo a ku Blantyre kapena ku Lilongwe, chifukwa nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri moti sikuyenera chiopsezo cha pamsewu.

Mphamvu ya magetsi ndi yofanana m'mayiko awiriwa, 230V, koma pulagi ya kuno ili ndi mano atatu obulungira pamene kwathu timagwiritsa ntchito ya mano amakona ngati ya ku Britain, choncho pamafunika kusintha pulagi kapena kugula adaputala yolimba. Kuno kuzimazima kwa magetsi kwa 2023 kunatiphunzitsa kuti chimene chimapha zipangizo si kuzima kwake koma kubwera kwake kwadzidzidzi, ndipo inu mukuzidziwa bwino zimenezi kuposa ife. TV guard, imene imadikira kamphindi magetsi akhazikike isanawalole kulowa, ikhale pa TV ndi pa makina osewerera omwe kuyambira tsiku loyamba. Amene mukudalira sola ndi inivetala mukumbukire kuti PlayStation 5 yokha imakoka pafupifupi mawati 200 posewera, TV isanawerengedwe.

Achimwene, ma TV awiri a mainchesi 43 ndawaona kale ndipo Game Mode yake ndaiyesa ndekha m'sitolo ndi gemu ya mpira. Ndikudikira kuti mundiuze mtengo umene mwapeza ku Limbe ndi ku Chichiri pa ma TV a kukula komweko, kuti tione ngati ndigule kuno kapena ndingokutumizirani ndalama mugule konko, pamodzi ndi ma TV guard ake.