Injini ya boti: kusintha oyilo nokha kapena kupita kwa makaniko?

Ngati mumakhala ku Blantyre koma boti lili ku Mangochi, kunyamula injini mpaka ku Limbe chifukwa cha oyilo basi ndi kutaya ndalama.

Oyilo wa m'giya sinthani nokha. Masulani bawuti yapansi ndi yapamwamba kuti wakale atuluke, kenako popelani watsopano kuchokera pansi mpaka asefukire pabowo lapamwamba. Wakaleyo akatuluka woyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi akulowa, masiilo (timphira totchinga madzi) atha. Apo ndiye itanani makaniko. Injini ya four-stroke (yosasakaniza oyilo ndi petulo) imafunanso oyilo watsopano wa m'injinimo pakatha maola 100 kapena chaka, ntchito yosavuta ndithu.

Makaniko amadula, komanso injini imakhalitsa kwake. Komabe kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ine ndimamusiyira, tizitsulo take n'tating'ono kwambiri, kamodzi kakagwera mumchenga simukapezanso.